A Orijino ndi Waya Wotuwa

"Inu mundiike m'manda ine? Inu a Nyirenda, munthu woti ngakhale pulagi simudziwa kuti imalowa mbali iti?"

Amenewo anali a Zingani, akuwayankha atcheya a komiti yathu ya maliro, Loweruka lina masana muno mu Wallacedene. A Nyirenda ndi munthu waulemu wake, wakumpoto, dikoni kutchalitchi. Anangobwera kudzawapempha madalawo kuti alowe nawo m'gulu lomwe Amalawi timasonkherana, loti wina akafa kuno ku Kepu thupi lake likwere galimoto lipite kwawo.

"Adada, imfa siyang'ana kuti uyu ali ndi njinga yamoto," anatero a Nyirenda, chipewa chili m'manja.

"Komiti yanga ndi iyi," a Zingani anasisita thanki ya njinga yawo ngati tsaya la khanda. "Tsiku lomwe ndidzatsinzine, pali mzungu wa ku Durbanville adzabwera chothamanga kudzaigula. Ine ndidzapita ku Ntcheu ngati nduna. Inuyo mudzapita mutapanikizana ndi mafiriji akale kumbuyo kwa lole. Sunthani phazi, mukuipondera mthunzi."

A Nyirenda anasunthadi phazi, aise. Ndinaona ndi maso angawa.

Sabata ino patha chaka chimwalirire a Zingani, ndiye ndati ndiwalembe, poti palibe wina angawalembe. Ine ndine Chiko, ndinamaliza matiriki, mayeso otsiriza a sekondale kuno, chaka chatha, kapena tinene kuti matiriki inandimaliza ine. Shaki yathu, kanyumba ka malata okhaokha, inagundana ndi yawo moti akayetsemula iwo chimfine chinkagwira ife. Amene mukudikira kuti ndinene kuti anali munthu wabwino, pitani mukawerenge pamwala wa munthu wina. Iwo ngakhale mwalawo alibe.

Tinkawatchula kuti a Orijino, chifukwa mawu amenewo ankatuluka m'kamwa mwawo kuposa moni. Anali wamfupi, wouma ngati chingwe, dzanja lamanzere lili ndi mitsempha yoti mutha kuyanikapo zovala. Masana ankagwira ntchito ya m'dimba kumapulazi a kuseri kwa Kraaifontein. Njinga ija anaipeza komweko, m'shedi ya bwana wina amene ankasamuka, nkhuku zitaikiramo mazira mibadwo ndi mibadwo. Inali ya m'tchire, ya matayala a zigoba, yakale kuposa amayi anga, mtundu womwe alangizi a zaulimi ankakwera kumudzi kalekale. Iwo ankati nawonso anali mlangizi ku Ntcheu. Anthu akwawo omwe ali kuno amati ayi, ankangotsuka njinga ya mlangiziyo, ndipo tsiku lomwe anayerekeza kukhalapo anadya khofi. Munthu wina atanena zimenezi pamaso pawo, sanamulankhulenso mpaka munthuyo anabwerera ku Malawi, nakwatira, nabereka, nafa.

Njingayo kukongola ayi. Thanki inali yofiira kalekale, koma dzuwa linainyambita mpaka inafanana ndi chilonda chopola, ndipo pambali inali ndi chibowo chophwanyika ngati wina anaimenya chibakera. Madigadi anali achikasu ngati mano a munthu wa fodya. Mpando unang'ambika, nkusokedwa ndi ulusi wa nsapato. Koma kwa iwo chilichonse pamenepo chinali chochokera kufakitale, ndipo chimenecho ndiye chinali chipembedzo chawo. Ankati chitsulo cha orijino chimakhala ndi dzina ngati munthu wobatizidwa. Ankakugwira khutu, kukuweramitsa, kukuonetsa kachizindikiro pamutu pa bawuti iliyonse, kanambala kodinda pa injini komwe kankafanana ndi ka pakhosi pa felemu, kachilembo kobisala kunsi kwa liva ya kilatchi. Bawuti yopanda chizindikiro ankati ndi mwana wam'tchire. Chitsulo chikatha, ankayenda m'masikirapu onse a mu Kepu mpaka nsapato kutha, miyezi njinga ili chiimire, kusiyana nkuti agule chonyezimira cha m'shopu. Ankanunkhiza zitsulo, aise. Ndikulumbira, ankatha kuuza bawuti ya feki ili m'thumba la munthu wodutsa kutsidya la msewu.

Lamlungu, anthu akupita kutchalitchi, iwo ankaitulutsa pakasimenti komwe anaiwakira pakhomo, nkumaitsuka ndi mswachi wa mano. Mano awo enieniwo mswachi sankaudziwa. Akailiza, utsi wake unkaphimba phiri la Table, ndege zinkabwerera. Mama wa sipaza, kagolosale ka pakona, Mxhosa wa mawu ngati wailesi ya m'teksi, ankatuluka kudzakuwa kuti zovala zake zapachingwe zanunkha petulo. Iwo ankamuyankha m'Chichewa chakuya cha ku Ntcheu kuti zovalazo zalemekezedwa, aka nkoyamba kununkha chinthu chamtengo wapatali. Onse awiri osamvana chinenero, koma ankamvana bwinobwino. Pomaliza aliyense ankati futseki, nkulowa kwake.

Ana tinkawaopa kuposa agalu. Mpira ukagubudukira pakasimenti paja unkabwerako uli ndi bowo. Mwana wina anangoyika chala pagalasi, anamukoka mpaka kwa amake nkuwauza kuti akanabereka wilibala bwenzi zili bwino, imanyamulako mchenga. Pogona ankamanga njinga ndi tcheni chodutsa pabowo la lata mpaka kumwendo wa bedi lawo. Akazi awo anabwerera ku Ntcheu kalekale nkukamwalirira komweko, ndipo ine ndimakhulupirira kuti anathawira kumanda kuti akapumeko. Koma madala ankati adzakagona pafupi nawo, pansi pa dothi lofiira, osati mumchenga wa eni ake uno woti ukakumba pang'ono madzi atulukira kale.

Anali ndi mwana mmodzi, Limbani, wamkulu kwa ine, wofatsa ngati madzi a m'ndowa. Iyeyo ndiye anakulira pansi pa njinga ija. Mumsewu mwathu tonse tinamvako za kilatchi mosafuna, chifukwa maphunziro ake ankachitika mokuwa, koma Limbani yekha ndi amene zinamulowa m'mafupa, poti zinkalowa ndi mbama.

Kukonza kilatchi kwa a Zingani kunali ngati mwambo wa chinamwali. Choyamba umamasula waya kumtunda, pa liva, kuti ulendewere. Kenako umatsegula kachivundikiro kumbali kwa injini, kumasula nati, nkumalowetsa kabawuti kapakati pang'onopang'ono mpaka ukamve kuti kagunda. Osati kuona, kumva ndi zala. Kakagunda umakabweza pang'ono chabe, ngati munthu wobweza mawu kwa apongozi, ndiye umange nati uja kabawutiko utakagwira kuti kasayende. Ukatero ubwerere kumtunda, ukoke waya mpaka liva ikhale ndi kampata kosewera kongolowa kamtengo ka machesi. Iwo ankasunga kamtengo kameneko kuseri kwa khutu. Ankati ukamangitsa, kilatchi imaterereka, injini kumangolira njinga osayenda, ngati mlaliki wa m'sitima. Ukalekerera, njinga imakoka yokha usanaiuze, magiya nkumalowa mokukuta mano. Limbani akaphonya pang'ono, sipanala inkamupeza pamfundo za zala.

"Wamva kuti kagunda?"

"Ndamva, bambo."

"Wanama. Chitsiru. Masula uyambirenso."

Tsiku lina Limbani anathira oyilo wa galimoto m'malo mwa wa njinga, mbale za kilatchi nkuyamba kuterereka. Anagona panja mwana uja, mwezi wa Julaye, mvula ya ku Kepu ikugwa chopingasa. Amayi anga ndi amene anamulowetsa kwathu mozemba.

Mzungu wa ku Durbanville uja sanali nthano ayi. Analipodi, wamtali, wa kabudula ngakhale kuzizire bwanji, wosonkhanitsa njinga zakale. Ankabwera ndi baki yake, kagalimoto ka katundu kumbuyo, nthawi ndi nthawi, kugwada pakasimenti paja ndi tochi masanasana, kumasuzumira timanambala tija nkumapukusa mutu ngati wamva nyimbo yokoma. Ankapempha kuti amugulitse. A Zingani ankamusiya agwade mpaka maondo achite dzanzi, kenako nkumuuza kuti abwere iwo akadzafa. Ndikuganiza kuti m'moyo wawo wonse palibe chinkawakomera ngati kuona mzungu atagwada pakhomo pawo.

Tsopano nkhani ya waya.

Ukalamba utawapeza, dzanja lamanzere lija linagwidwa nyamakazi. Waya wa kilatchi nawo unali wakale, wa chikopa chotuwa, wolimba ngati mtima wa mwini wake. Kufinya liva kunkawatulutsa thukuta. Tinkawaona akuluma mlomo, dzanja likunjenjemera, njinga nkuwazimira pakona ana akuseka. Sankadandaula, ankangotukwana amene wayandikira.

Limbani nthawi imeneyo anali atapeza ganyu yomanga ku Brackenfell. Malipiro ake oyamba sanagule foni kapena nsapato ngati mmene ndikanachitira ine. Anapita ku Bellville nkukagula waya watsopano, wakuda, wofewa. Bambo ake ali kuntchito anachotsa wakale uja, nkuika watsopano, nakonza kilatchi mwa dongosolo lonse lija, kamtengo ka machesi ndi zonse. Anandiitana kuti ndiyese. Aise, liva inkalowa ngati ukufinya buledi. Ngakhale khanda likanasintha giya. Limbani ankamwetulira, ndipo ndi tsiku lokhalo lomwe ndinaona kuti ali ndi mano onse.

Madala anafika dzuwa likupendeka, anthu ali panja, ena pamzere wa pampopi. Monga mwa chizolowezi, asanalowe m'nyumba anapatsa moni njinga. Anagwira liva. Anafinya kamodzi.

Anaima chilili. Anafinyanso. Kenako anatsata waya uja ndi chala kuchokera kumtunda mpaka kumunsi.

"Limbani."

"Bambo."

"Waya wanga ali kuti?"

"Ndimati dzanja lanu lija, bambo. Uyu ndi wofewa, simuzivutikanso."

"Ndakufunsa za dzanja?"

Anamasula waya watsopanoyo pomwepo, modekha, osathamanga, ngati munthu akusenda nthochi. Atautulutsa anaupinda pawiri. Zomwe zinatsatira sindikokomeza, ngakhale ndimadziwika ndi bodza. Anamukwapula nawo mnyamata wandevu zake, pamaso pa mzere wonse wa pampopi, pamaso pa mtsikana yemwe Limbani ankamufuna. Limbani sanathawe, sanatchinge. Mama wa sipaza anakuwa, a Nyirenda anabwera chothamanga nkuwagwira mkono, iwo anawasasa ngati ntchentche. Atatopa anamutuma kuti akavuule waya wotuwa uja m'bini, ndipo anamuimirira mpaka anaubwezeretsa, magazi akudontha pakasimenti. Kenako analowa m'nyumba, natulutsa zovala za mwana wawo nkuziponya m'matope. Waya wakuda uja anamuponyera pamwamba pake.

"Tenga m'bale wakoyu muzipita. Ndakhala ndikukuyang'ana chibadwire, chizindikiro changa sindinachipeze pa iwe. Kaya amako anakugula shopu iti."

Pampopi madzi anasefukira m'ndowa ya munthu wina, palibe anatseka.

Limbani anatola zovala zake, anatolanso waya uja, napita kukakhala kwa mnzanga Yami ku Khayelitsha. Sanapondenso mumsewu mwathu bambo ake ali moyo. Madala anapitiriza kufinya waya wawo wolimba uja, mpaka dzanja linakaniratu. Kumapeto njinga sinkachokanso pakasimenti. Ankangoiliza, kukhalapo, utsi kuu, osapita kulikonse. Amayi anga atawafunsa ngati sakumusowa mwana, anayankha kuti waya wotuwa sapezekanso m'dziko muno, koma ana ali mbwee.

Anamwalira m'mawa wina akuvala nsapato. Anangogwa chammbali, basi. Imfa inawachitira ulemu womwe iwo sanachitirepo munthu.

Ndiye vuto linayamba. M'komiti sanali, ndipo thumba la komiti lili ndi eni ake. Achibale a ku Ntcheu ankaimba foni kuti tikudikira thupi, manda tasankha kale pafupi ndi akazi awo. Aliyense ankadziwa kuti ulendo wa a Zingani uli pamatayala awiri aja. A Nyirenda, mtima wawo wabwino uja, anaimbira mzungu, iye nati abwera Loweruka. Limbani anafika tsiku lotsatira, atavala jekete lakuda, osalira.

Madzulo ake azibambo anazungulira njinga ija nkuyamba kuiona bwinobwino, koyamba opanda wowatukwana. Wina anati, abale, chinthu chonyansa chonchi mzungu angapereke ndalama yofikitsa munthu ku Ntcheu? Wina anati kwathu ukamagulitsa njinga umayamba waikongoletsa, ngakhale mbuzi umaisambitsa. Wina anati madala anali woumira chabe, zonse za orijino zija kunali kuopa kugula zatsopano. Anagwirizana kuti aichitire chifundo. Koma a Nyirenda anati dikirani, mwini wake alipo.

"Limbani, mwana wanga, iwe ndiye ukuidziwa njingayi. Tiikonze?"

Limbani anaiyang'ana nthawi yaitali. Ine ndinkayembekeza kuti aseka, kapena awathamangitsa ngati bambo ake.

"Ikonzeni," anatero. "Ikongole. Shopu yake ndikulozerani, ili ku Bellville."

Ine mumtima ndinati eee, koma ngati Limbani wavomera, ndine yani ine wa matiriki yolephera?

Aise, anthu anagwira ntchito ndi chikondi. Sindinaonepo Amalawi akugwirizana chonchija. Anachotsa madigadi achikasu aja nkuika oyera mbee. Mpando anapita nawo kwa telala, unabwera wakuda wonyezimira ngati nsapato ya mkwati. Magalasi atsopano, zogwirira zatsopano, liva yatsopano, waya watsopano. Mabawuti onse adzimbiri, a zizindikiro aja, anawazula nkuika owala. Thanki anaimata chibowo chija nkuipopera penti wobiriwira, wina nkumatapo kapepala kolembedwa kuti Mulungu ndi mmodzi. Zakale zonse anazitayira m'saka nkuziika kuseri kwa shaki, pa zinyalala. Amayi ena ataiona analira kuti abambo aja akanaiona bwenzi atasangalala. Limbani anaima potero, manja m'thumba, akungoyang'ana.

Loweruka baki inafika. Mzungu anatsika ndi tochi yake, napereka pepani kwa aliyense, a Nyirenda nkuvundukula nsalu monyadira ngati akutsegulira mlatho.

Munthu uja anafiira, kenako anayera, kenako anakhala mtundu wina womwe ulibe dzina. Sanagwade. Anaizungulira kamodzi, nafunsa kuti njinga ya madala ija ili kuti. Atamuuza kuti ndi yomweyi, anagwira mutu. Anati ngati iyi amatha kuigula paliponse, iye ankafuna ija. A Nyirenda anayamba kumufotokozera za thupi, za ku Ntcheu. Mzunguyo anapumira m'mwamba, nasuzumira nambala ya pa injini ndi ya pa felemu, nati chabwino, za penti apirira, koma zitsulo zakale zonse zibwere, mpaka bawuti yomaliza, ndi waya wotuwa uja. Zikapezeka, madala apita kwawo.

Tinathamangira kuseri kwa shaki mudzi wonse. Saka panalibe.

Tinafukula zinyalala ngati nkhuku. Madikoni a matayi awo analowa m'ngalande. Tinathamangitsa anyamata a matirole otolera zitsulo mpaka kunjanji, tinayenda masikirapu onse omwe madala ankayenda. Palibe. Limbani naye anafunafuna nafe, mwaulemu wake, akutukula timapepala ndi nsonga ya nsapato. Mzungu anadikira, kenako analiza baki yake.

A Zingani tinawaika kuno, mumchenga. Dzenje linali ndi madzi pansi, monga ankanenera. Achibale a ku Ntcheu anaonera pafoni, netiweki ikudukaduka. Bokosi lisanatsekedwe, Limbani anawerama nalowetsa kanthu pansi pa nsalu, pafupi ndi dzanja lamanzere lija. Amayi a chigwirizano anati taonani mwana wokhululuka, wawapatsa bambo ake kabuku ka nyimbo. Anayimba mokweza.

Njinga yobiriwira ija anaigula motchipa mnyamata wina wa ku Zimbabwe woperekera zakudya m'makomo. Imadutsa nthawi zina mumsewu waukulu, bokosi kumbuyo, injini ikulira ngati nkhumba yophedwa koma liwiro la wilibala. Kilatchi anaimangitsa. Ndikaimva ndimayembekeza kuti wina atuluka kudzatukwana, koma kumangokhala zii.

Shaki yawo mukukhala anthu ena tsopano. Kasimenti kaja kalipobe. Pakati pali banga lakuda la oyilo, lomwe mvula ya chaka chonse yalephera kulichotsa, ndi timaenje tiwiri pomwe sitandi inkaponda. Bowo la tcheni lija analitseka ndi chiguduli. Ana amasewera mpira mumsewu monse, koma ukagubudukira pamenepo amakankhana kuti akautole ndani. Mama wa sipaza amayanika zovala zake mwamtendere, ndipo wanenepa ndi kusowa wokangana naye.

Dzulo ndinajambula kasimentiko nkuika patsamba langa la pa intaneti. Ndinalemba kuti patha chaka, a Orijino, munthu amene anakanika kupita kwawo chifukwa cha anyamata a matirole. Anthu anaika timitima ndi timanja topemphera. Kenako Yami wa ku Khayelitsha anayankha:

"Matirole ati, aise? Saka lija lili pansi pa bedi la Limbani, ndimaligunda ndi phazi tsiku lililonse. Lamlungu amatulutsa mabawuti aja nkumawatsuka ndi mswachi. Ndipo m'bokosi muja sanaikemo kabuku ka nyimbo. Anawaikira waya wakuda uja, akuti dzanja lawo lisamavutike. Werenga msanga, ndifufuta."